Wako Alipo?

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili mu okala, pepala ndatsamiritsa pa katoni ya sopo, iwe uli kometetsa tsitsi. Ukadabwa kuti mayi ako akukulemberanji kalata pamene tikugona nyumba imodzi, yankho ukulidziwa: pakamwa panga. Dzulo tinayamba kukambirana bwinobwino, koma nkhani isanafike pakati ine ndinali nditakutchula kale kuti mbuzi, iwe n'kumenyetsa chitseko mpaka loko kugwedera. Ubwino wa pepala ndi woti ndikalemba chotukwana ndimatha kufufuta. Ndafufutapo kale. Uiwerenge yonse usanagone, chifukwa mawa m'mawa uyenera kusankha.

Ndiibwereze nkhaniyo kuti pasakhale wonamizira mnzake. Mawa ukupita kukayamba sekondale kuseri kwa Blantyre, iwe amene sunapitirirepo Lilongwe. Abiti Juma, a sitolo ya nsalu pafupi ndi msika aja, asonkhanitsa ana onse a kuno amene anasankhidwira kumeneko, makolo tasonkha, minibasi achita hayala, ikakutulani pageti penipeni. Iwe ukuti sukwera, chifukwa m'minibasimo muli Esinati, mwana amene bambo ako anabereka kwa mkazi wa ku Mkanda uja. Unati, "Bola ndikwere mabasi wamba ndekha, ndikasinthe ku Lilongwe, ndikasinthenso ku Blantyre, kusiyana n'kupuma mpweya umodzi ndi ameneyo." Ndinamva mawu anga akutuluka pakamwa pako. Ngakhale kapindidwe ka mlomo kanali kanga. Sindinama, ndinanyada kaye pang'ono. Kenako ndinachita mantha.

Ndiyambe ndi ulendo wanga wa ndekha, umene sindinakuuzepo bwino. Matipate atangoyamba, dziko lonse linasanduka la geni, aliyense ndi kathebulo kake m'mbali mwa msewu. Ine ndinali nditangochoka kwathu ku Kapondo kudzakhala pa boma pano, iwe ukadali wamamina. Ndinapita ku Lilongwe kukagula belo la kaunjika. Amayi ena anandiitana kuti tiyendere limodzi, ine ndinati ayi, ndinafika Folomu 3, zikwangwani ndimawerenga ndekha. Belo ndinagula, anyamata anandinyamulira mpaka mudepoti, ndinakhala pamwamba pake kudikira basi ya ku Mchinji. Koma m'mawa ndinali nditamwa tiyi wambiri. Dzuwa likufika paliwombo, ndinali nditapinda miyendo ngati nkhanu. Pafupi nane panali bambo wina wa tayi, akuwerenga nyuzipepala. Anandiyang'ana mwachifundo nati, "Pitani mayi, musavutike, katunduyu ndikuonerani." Nditabwerako, panalibe tayi, panalibe nyuzipepala, panalibe belo. Ndinafika kuno chimanjamanja, chopepuka chinali chikhodzodzo chokha. Umve bwino Tadala: woyenda yekha alibe ufulu ngakhale wokataya madzi. Iwe mawa uli ndi sutikesi, matiresi, ndowa ndi chikwama. Manja uli nawo awiri. Mudepoti udzamusiyira ndani? Bambo wa tayi uja sanafe, ndipo ali ndi ana.

Nditalira zokwanira, ndinadzichepetsa n'kupita kwa Abiti Juma. Iwe ukuwadziwa ngati mayi wamfupi wa mpango kumutu amene amakupatsa switi. Sunawaone pantchito. Mayi ameneyu ndimamuvulira chipewa, ndipo ukudziwa kuti ine sindivulira anthu ambiri. Nthawi imeneyo ankatsogolera amayi a geni kupita ku Lusaka kukagula mapoto, nsapato za pulasitiki ndi nsalu. Ulendo usanayambe ankatiitana kuseri kwa sitolo yawo n'kutiuza zonse: mapepala a paboda akhale bwanji, tikagona kuti, wosintha ndalama wosaba ndi uti, zimbudzi zabwino zili pati pamsewu wonsewo. Wokonda kusanza ankamukhazika pawindo. Wa mwana wa m'manja, pafupi ndi chitseko. Kamba aliyense amabweretsa wake, koma akalowa m'basi ndi wa onse, bola pasakhale nkhumba. Ikakwana nthawi yawo yoswali basi inkaima, ife Akhristu tili chete. Ife tikayamba nyimbo za kutchalitchi iwo ankawomba nawo m'manja, ndipo ankatidzudzula tikaphonya vesi. M'khosi anali ndi wezulo ngati wa oyimbira mpira. Dalaivala aliyense, ngakhale wa mwano chotani, ankaopa wezulo ameneyo kuposa wapolisi wa pamsewu.

Ndipo ukanaona akugula! Ukakhala wekha wogulitsa amakuuza mtengo akuyang'ana kwina. Koma tinkalowa m'sitolo amayi basi yonse, Abiti patsogolo, n'kunena kuti, "Tikufuna mapoto tonsefe. Mukatikwiyitsa tituluka tonsefe." Mtengo unkagwa ngati mango a m'Disembala. Okala ino ukuidyera iwe inabadwa m'maulendo amenewo.

Koma lamulo lawo lalikulu ndi la zitenje, ndipo ndi limene ndakulembera kalatayi. Basi isananyamuke, Abiti amakuikani awiriawiri. Aliyense amavula chitenje chake n'kupatsa mnzakeyo, osati chokolopera, koma chija chabwino chimene ungachilire chitatayika. Ulendo wonse umavala cha mnzako, iye cha iwe. Paliponse pamene mwaima, chitseko chisanatsekedwe, iwo sawerenga mitu. Amangofuula kuti, "Wako alipo?" Aliyense amagwira mnzake n'kuyankha kuti, "Wanga alipo!" Amati mitu imanamiza, munthu amatha kuiwala mnzake, koma sanaonepo mkazi woiwala chitenje chake. Komanso samaika okondana pamodzi. Amati okondana amasochera limodzi, akuseka. Koma amene ukudana naye, diso lako silichoka pa iye.

Ine zimenezo ndinkaseka nazo mpaka tsiku limene zinandigwera. Unali ulendo wanga wachitatu, iwe uli Sitandade 2, ndinakusiya ndi azakhali ako. Ndikufika pokwerera, ndinaona munthu atakhala pa chikwama, msana wake wokha ndinaudziwa. Amake Esinati. Ukudziwa kale zimene anandichita, koma ndinene kuti zikhale papepala: bambo ako ali kalaliki ku esiteti ya fodya ku Mkanda, ankati akuchedwa ndi kusankha fodya, ndipo Esinati anabadwa iwe usanayambe kukwawa. Sukulu ndinasiyira munthu ameneyo. Ndinaima patali, ndikupemphera kuti Abiti andiike ndi wina aliyense, ngakhale mfiti.

"Amake Tadala," anatero Abiti, "inu ndi amake Esinati."

Amayi onse anatembenukira kwa ine.

"Abiti," ndinatero, "mukumudziwa ameneyu kuti ndi ndani?"

"Boma lonse likudziwa. Vulani chitenje."

"Anandilanda mwamuna. Mukufuna anditengerenso chitenje?"

"Mwamuna sanabweze, koma chitenje adzabweza. Chimenecho ndikulonjeza ndine. Fulumirani, dzuwa likukwera."

Amayi anaseka mpaka wina kutsamwa chinangwa. Ndinavula chitenje changa cha buluu cha maambulera, chimene ndinagula ndi phindu langa loyamba, n'kuchiponya pamiyendo pake. Iye anandipatsira chake chobiriwira cha nkhanga, atachigwira ndi zala ziwiri. Chinkanunkhira sopo amene bambo ako ankakonda. Ndinachivala ngati ndikuvala chitedze.

Kuchokera ku Chipata mpaka ku Lusaka sitinalankhulane. Abiti akafuula kuti, "Wako alipo?" tonse awiri tinkayankha mano ali okukuta. Koma ndikuuze, Abiti sananame. Mumsika waukulu wa ku Lusaka, m'chipiringu chimene sunachionepo, sindinamutaye mkazi ameneyo ngakhale kamodzi. Ndinkafuna kuona kuti akugula chiyani, akuseka ndi ndani, maambulera anga wawakhalitsa pansi potani. Ndikanatha kukuuza kuti wayetsemula kangati. Mnzanga wapamtima sindikanamulondera choncho.

Kupusa kwanga kunabwera pobwerera. Ndinadzuka mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya, ndinadziwa kuti ndi malungo. Koma ndinati, ndidandaule pamaso pa ameneyu? Akafotokoze ku Mkanda kuti ndinkabuula? Ndinangoti ndili ndi tulo, n'kupita kumbuyo kwa basi kukagona pamwamba pa mitolo ya katundu, n'kudzifunda juzi. Titafika pa mlatho wa Luangwa, pamene mabasi amaima kuti anthu agule nsomba zouma ndi madengu, onse anatsika. Ine ndinatsika pambuyo, opanda nsapato, osaonedwa ndi munthu. Fungo la nsomba linangondimenya m'mphuno, ndinathamangira kuseri kwa timisasa kukasanza. Ndikukumbuka kutentha kwa dothi patsaya langa. Zotsatira ndinachita kuuzidwa.

Akuti anthu anakwera, dalaivala analiza injini, aliyense akufulumira kuti tikapeze boda isanatsekedwe. Abiti anafuula funso lawo, basi yonse inayankha. Mayi wina anati, "Amake Tadala agona kumbuyoku, nsapato zawo izi, juzi yawo iyo." Amake Esinati akanangoti wanga alipo, palibe akanawatsutsa. Nsapato zinalipo, juzi inalipo. Koma anadzuka, n'kukwera pamwamba pa katundu wa anthu, n'kuvundukula juziyo. Anapeza mtolo wa nsapato za pulasitiki.

"Wanga palibe," anatero.

Dalaivala, mnyamata wa ku Chipata, anayamba kukalipa: "Imwe bamayi, nthawi yasila! Azabwela na basi ina uyo!"

Abiti akuti sanakweze n'komwe mawu. Anangomuonetsa wezulo nati, "Achimwene, basi iyi ndachita hayala ndine. Imayenda ichi chikalira. Zimitsani, mafuta akudula."

Uone pamenepo Tadala. Ikanakhala basi wamba, ikanapita, ndipo kondakitala akanagulitsa mpando wanga pa siteji yotsatira.

Amake Esinati anatsika. Amayi ena ankafunsa ogulitsa nsomba kuti, mwaonako mayi wamtali, wakuda, wa mpata kumano? Ogulitsawo amaona amayi aatali akuda tsiku lonse, ankangopukusa mitu. Iye ankafunsa kuti, "Mwaonako chitenje chobiriwira cha nkhanga?" Mayi wina wa madengu anati, "Nkhanga zapita kuseri uko." Anandipeza ndili thapsa, nyerere zitayamba kale kundiyendera. Anamasula maambulera anga m'chiuno mwake, n'kundibereka nawo kumsana ngati khanda. Ine, msinkhu wangawu! Ndinatsitsimuka mutu wanga uli paphewa pake, sopo yemwe uja m'mphuno.

"Nditsitseni," ndinatero.

"Khalani chete," anatero, akupuma mwawefuwefu. "Sindinabwerere inu. Ndabwerera nkhanga zanga. Ndipo mwazisanzira."

Anandifikitsa kuchipatala cha m'tauni yotsatira, basi yonse ikudikira panja. Boda tinaipeza yotseka, tinagona ku Chipata, ndipo usaganize kuti amayi aja anandiimbira nyimbo. Ena ananditukwana bwino lomwe chifukwa ndinawaphonyetsa tsiku la msika, ndipo ankanena zoona. Koma omwe ankanditukwanawo ndi amene ankandimwetsa phala, ndipo katundu wanga yense anafika pano osasowa ngakhale supuni. Abiti anadikira mpaka nditachira. Kenako anandiitanira kuseri kwa sitolo nati, "Amake Tadala, pagulu sabisa matenda. Kunyada kwanu muzikusiya pakhomo, kudzakudikirani, sikuthawa." Ndi munthu yekhayo amene anandikalipirapo ine osayankha.

Chitenje ndinachichapa, kuchisita, n'kukapereka. Ndinati, "Nachi chanu." Iye anati, "Nachi chanu." Basi. Usayembekezere kuti ndikuuze kuti tinakumbatirana, tikulira, n'kuyamba kubwerekana mchere. Ayi. Sindinamukhululukire, ndipo tikakumana kuchigayo aliyense amayang'ana mgaiwa wake. Koma ndimadziwa chinthu chimodzi: iwe ukanakhala mwana wamasiye uli Sitandade 2, ndipo sunakhale, chifukwa mkazi ameneyo anakana kunena mawu awiri abodza. Zinthu ziwirizi ndimazisunga zonse, chilichonse m'thumba mwake.

Sindikunamiza kuti ulendo wa gulu ndi kumwamba. Umadikira anthu ochedwa m'chimbudzi. Umamva nyimbo imodzimodzi mpaka kudana nayo. Pali wina nthawi zonse amene amasenda mazira owiritsa mawindo ali otseka. Ndipo zimene wachita pamsewu zimafika kunyumba iwe usanatsitse katundu. N'chifukwa chake ulendo wa gulu suyenera aliyense. Suyenera munthu wa njira zam'mbali, monga bambo ako, amene akati akupita kumpoto uzikamufuna kummwera. Suyenera wothamangira maliro, amene sangadikire wina atsirize kutsutsa mtengo wa dengu. Mwinanso iwe, ukadzazolowera msewu, ukadzadziwa basi iti imapita kuti ndi bambo uti wa tayi woti umuthawe, udzayenda wekha, ndipo sindidzakuletsa. Koma ulendo wa gulu umayenera mlendo wa njira. Umayenera mtsikana wa katundu wambiri ndi manja awiri. Umayenera wamanyazi amene sangafunse njira. Ndipo koposa onse umayenera anthu ngati iwe ndi ine, amene tingalolere kufera kuseri kwa msasa wa nsomba kusiyana n'kunena kuti ndithandizeni. Akulu anati kali kokha n'kanyama. Ife timaganiza kuti mwambi umenewo ndi wa anthu ofooka. Ndi wathu, mwana wanga. Ofooka amafuula msanga, amapulumuka.

Ndiye umve, ndibwerezanso ngakhale utope. Mutu ukayamba kuwawa, nena. Basi ikaima, pita ukataye madzi ngakhale sukufuna, ndipo uuze mnzako kumene ukupita. Zitumbuwa ndi mtedza ndakukazingira uziike pakati, usadyere m'chikwama ngati khoswe. Abiti akakukalipira, pakamwa pako pamene unatengera kwa ine utseke. Akula tsopano, miyendo imawavuta, ku Lusaka anasiya, koma ana a sukulu amawaperekezabe okha, ndipo sanatayepo mwana wa munthu. Ukawayang'anitsitse momwe amachitira. Kusukuluko akakuphunzitsa za mitsinje ya kutali ndi mafupa a chule, koma luso losonkhanitsa anthu osagwirizana n'kuwafikitsa onse amoyo, ukaliona m'minibasi mawa.

Za Esinati, sindikukuuza kuti umukonde. Ndingakhale wachinyengo. Koma mwana uja sanakulande kanthu. Anangobadwa, monga unabadwira iwe, ndipo mayeso anakhoza ndi mutu wake. Mkwiyo umene wanyamulawo ndi wanga. Unautenga m'nyumba muno osapempha, monga umatengera mafuta anga odzola. Ubweze. Katundu wako ndi wolemera kale, ndipo ine ndikadali ndi mphamvu zounyamula ndekha.

Tsopano ndikuuze zimene ndachita lero, ukwiye bwino. M'mawa ndinatseka okala n'kupita kwa Abiti. Ndinazungulira kaye msika. Nditalowa ndinati, "Abiti, ngati Tadala akwere mawa, mumuike ndi Esinati." Mawuwo anatuluka ngati minga ya nsomba.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Mwachedwa, amake Tadala. Amake Esinati anabwera dzana ndi pempho lomwelo."

Waona? Mkazi ameneyu chilichonse amandiyambirira.

Kenako Abiti anawerama n'kutulutsa kaphukusi pansi pa kauntala. Nkhanga zija, Tadala. Zasuluka, m'mphepete anasokamo, koma ndi zomwe zija. "Anasiya ichi," anatero Abiti. "Akuti mwana wawo ndi wamantha, sanagonepo kutali ndi kwawo, ndipo akufuna amene adzamuyang'anire akhale wa diso loopsa ngati lanuli." Sindikudziwa ngati kumeneko ndi kuyamikira kapena kutukwana. Ndinabwerera kunyumba, ndinatsegula sutikesi yanga yakale, n'kutenga maambulera anga, n'kukawasiya. Panopa akhala atafika kale m'manja mwa Esinati.

Ndiye zitenje zasinthidwa kale. Nkhanga uzipeza pamwamba pa sutikesi yako, pansi pa kalatayi. Sindikukoka ndi chingwe; ukafuna mabasi ako a wekha, ndikuperekeza kudepoti ndipo sindinena kanthu, kapena ndinena pang'ono. Koma udziwe kuti mawa kukacha, kutsogolo kwa sitolo ya Abiti, adzafuula kuti, "Wako alipo?" ndipo pali mwana mmodzi wovala maambulera a mayi ako amene adzayang'ana uku ndi uku. Ngati anatengera mayi ake, sadzanama. Adzati palibe. Ndipo wezulo sadzalira, minibasi yonse idzakhala pomwepo, makolo a anthu ali chilili, boma lonse likufunsa kuti mwana wa ndani. Ndinati usankhe. Sindinati ndikupeputsira.

Pita bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere, ukaphunzire mpaka pamene ine ndinalekezera n'kupitirira. Chitenje cha eni ake ukachisamale, ukachibweze ndi manja awiri. Ndipo chonde usakachisanzire. Banja lathu linachita kale zimenezo.

Ndine mayi ako, wa pakamwa pomwe paja,

Amake Tadala